Galimoto Yoyera Ikachoka, Pasukulu Patsala Ndani?

 

Lero tikambirane za ntchito. Ndikunena ntchito ija imene achinyamata ambiri kuno ku Mandimba ndi m'chigawo chonse cha Niassa amailota akangolandira zotsatira za mayeso a kalasi 12: kulembedwa m'bungwe lomwe si laboma, makamaka mabungwe awa oyenda m'sukulu ndi nkhani za umoyo wa ana. Chimene chimakopa tikuchidziwa tonse. Ndi galimoto yoyera ija, ndi sikipa yolembedwa dzina la bungwe kumsana, ndi semina ya ku Lichinga kumene munthu amadya nkhuku masana ndi madzulo n'kubwerako ndi kaenvelopu m'thumba. Makolo nawonso akamva kuti mwana walowa m'bungwe lotere amagona tulo tabwino. Ine sindikutsutsa kuti ntchitoyi ndi yabwino. Ndi yabwino ndithu, ndipo ana athu akuifuna. Koma ili ndi zinthu ziwiri zimene sizilembedwa pa chikalata choitanira anthu ntchito. Tsiku lake lothera limakhala litalembedwa kale inu musanaiyambe. Ndipo amene amaisenza kwambiri ndi amene amatulukamo chimanjamanja.

Tiyambe ndi ntchitoyo payokha, poti ambiri amangoona galimoto ikudutsa. Tengani tsiku lomwetsa ana mankhwala a likodzo. Kuno likodzo si nkhani yochita kumva kwa anthu. Ana amasamba ndi kuwedza m'madambo, m'timitsinje tothira mu Lugenda ndi m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, mmene mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta matendawa, ndipo mpaka lero alipo makolo amene mnyamata akakodza magazi amati wakula. Mankhwala ake ndi praziquantel. Kampani ya Merck ya ku Germany imapereka mapiritsiwa ulere kudzera ku bungwe la WHO, mpaka mapiritsi 250 miliyoni pachaka. Koma piritsi laulere silidziyendera lokha kuchoka padoko mpaka m'kamwa mwa mwana wa ku Mitande.

Pasukulu pamakhala chonchi. Pakhoma, kapena patsinde la mango, aimikapo ndodo yoyezera msinkhu yolembedwa mizeremizere. Sikelo palibe, choncho mlingo wa mankhwala umatsatira kutalika kwa mwana: wosafika masentimita 94 samwa, wongopitirira pamenepo amamwa piritsi limodzi, ndipo chimnyamata chofika masentimita 178 chimamwa asanu. Mwana aliyense avule nsapato ngati ali nazo, aime mowongoka, mphunzitsi ayang'ane mzere, wina awerenge mapiritsi, wina athire madzi m'kapu, wina alembe m'kaundula. Mapiritsiwo ndi akuluakulu, ndi owawa, ndipo mwana akamwa m'mimba mulibe kanthu amachita chizungulire ndi nseru, ena amasanza. Mukangolakwitsa pamenepo, ana atatu n'kugona pansi pa mtengo, mbiri imafika kumudzi eni akewo asanafike. Mawa lake kalasi ili pululu, ndipo pachitsime akuti aboma abwera kudzaletsa ana athu kubereka.

Ndiye amene anakumbukira kuti ana auzidwe dzulo lake kuti abwere atadya, kapena kuti paphikidwe phala pasukulu pompo, ndani? Amene anakhala pamphasa ndi amfumu, ashehe a kumzikiti ndi akulu ampingo sabata yathayo, n'kuyankha mafunso onse mpaka dzuwa kupendeka, ndani? Ameneyo ndiye wantchito wa m'bungwe amene ndikumunena lero. Ntchito yake ikayenda bwino palibe amene amaiona, chifukwa palibe chimene chachitika. Ana amwa, apita kwawo, basi.

Kuseri kwa tsiku limenelo kulinso anthu amene mwana sadzawadziwa mayina. Kuli woyang'anira katundu, amene anawerengera kuti sukulu iliyonse ikufunika mabotolo angati, nayang'ana tsiku lothera mphamvu pa katoni iliyonse. Kuli dalaivala wodziwa kuti mvula ikakhazikika mu Januwale, mukangosiya tala wa N13, ndi mlatho uti umamira ndipo njira yolambalala ili kuti. Kuli wowerengera ndalama, uja amakana lisiti ya mafuta yopanda nambala ya msonkho ya NUIT anzake n'kumamuda, chonsecho ndi iyeyo amene amapulumutsa bungwe lonse akabwera ofufuza mabuku. Kuli mtsikana wa pakompyuta amene amalowetsa manambala a sukulu iliyonse mpaka usiku, n'kuona kuti sukulu ina yamwetsa ana ochuluka kuposa amene inalembetsa, n'kutenga foni kufunsa kuti zatheka bwanji.

Mwaona kuti mwa anthu amenewa mulibe dotolo. Wachinyamata amene mukuganiza kuti m'bungwe la zaumoyo mumalowa ovala zoyera okha, dziwani zimenezi. Zoyeza odwala ndi kupereka katemera zili m'manja mwa aboma: técnico wa pachipatala, namwino wa amayi ndi ana, onse pansi pa ofesi ya SDSMAS. Za sukulu zili m'manja mwa ofesi ya SDEJT ndi akulu a magulu a sukulu otchedwa ZIP. Bungwe silingalowe pasukulu lisanagogode zitseko ziwirizi. Choncho theka la ntchito ya ofisala wa bungwe ndi kudikira pabenchi kunja kwa ofesi, kalata ili m'manja, kuti adirector awiri agwirizane tsiku limodzi lomwe si la mayeso, si la malipiro, ndiponso si Lachisanu masana pamene theka la mudzi lili kumzikiti. Munthu wopsa mtima msanga ntchito imeneyi sangaithe, ngakhale atakhala ndi madigiri awiri.

Tsono tifike pa kakwereredwe. Mukamamva kumaoneka kosavuta: uyambe ngati activista, wodzipereka wophunzitsa anzake, ukhale woyang'anira ma activista anzako, kenako ofisala wa boma limodzi, kenako mkulu wa pulojekiti m'chigawo chonse cha Niassa, ukakhala wamwayi Maputo. Alipo anakwera chonchi, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma ambiri amathera poyambira pompo.

Taonani Geração Biz. Pulogalamu imeneyi inayamba mu 1999 ku Maputo ndi ku Zambézia mothandizidwa ndi UNFPA ndi Pathfinder International, kenako inafalikira m'zigawo zonse. Maunduna atatu, wa zaumoyo, wa maphunziro ndi wa achinyamata, anagwirizana kuti wachinyamata aziphunzitsa mnzake za thupi lake, za mimba zosayembekezera ndi za HIV. M'sukulu munatsegulidwa malo operekera uphungu, ndipo m'zipatala munatsegulidwa SAAJ, chipinda chimene mtsikana angalowe osaopa kukumana ndi azakhali ake pamzere. Ganizo labwino kwambiri, ndipo lakhalitsa kuposa mapulojekiti ambiri. Koma vuto limene oyendetsa ake eni analiona ndi lakuti ma activista ankasiya, makamaka atsikana. Nanga akadatani? Munthu wadzipereka zaka zingapo, wachita zisudzo pabwalo la sukulu, wamvetsera zinsinsi za anzake zimene sanauze ngakhale mayi awo owabala, waperekeza mnzake kukayezetsa magazi. Malipiro ake sikipa, chipewa ndi chikwama. Lero wamaliza sukulu, akufuna sopo, akufuna lendi. Bungwe likatulutsa mwayi wa ntchito yolipidwa, likufuna digiri ya licenciatura, zaka zitatu zogwira ntchito, Chingelezi, ndi laisensi ya njinga yamoto. Zaka zake zija siziwerengedwa chifukwa palibe pepala limene linazilemba. Ntchitoyo amaitenga munthu wochokera ku Nampula kapena ku Beira, amene akafika kumudzi amafunika womumasulira. Womasulirayo ndani? Ndi activista yemwe uja.

Abale awo a ma activista ndi ma APE, alangizi a zaumoyo a m'midzi. Ntchito yawo inayamba mu 1978, nkhondo inaibalalitsa, ndipo unduna wa zaumoyo unaidzutsanso mu 2010. Anaphunzira miyezi inayi, amayeza malungo, amapereka mankhwala a chibayo ndi a kutsekula m'mimba, ndipo sukulu ikakhala kutali ndi chipatala, mwana akakomoka pamzere wa m'mawa amathamangira kwa iwowa. Kwa zaka zambiri ndalama yawo inali mametikali 1,200 pamwezi, yochokera makamaka kwa opereka thandizo akunja, ndipo kuchedwa kwake kwadandaulidwa kambirimbiri. Ikani ndalama imeneyo pambali pa mtengo wa thumba la feteleza, muone nokha. Bungwe lililonse lobwera ndi nkhani yatsopano, kaya ya maukonde a udzudzu, kaya ya katemera, kaya ya zakudya, limafikira pa APE yemweyo ndi fomu yakeyake. Mafomu amachuluka, malipiro ali pomwepo.

Pali munthu wachitatu amene timamuiwala kawirikawiri: mphunzitsi. Nkhani yake tiitenge kwa anansi athu. Kungodutsa Chiponde, m'boma la Mangochi, bungwe la Save the Children kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 linaika timabokosi ta mankhwala m'sukulu za pulayimale. Mwana akatentha thupi, mphunzitsi wophunzitsidwa ankamupatsa Fansidar pompo. Mu 2007 dziko la Malawi linasiya Fansidar n'kuyamba LA, mankhwala amene kuno timawadziwa kuti Coartem, ndipo timabokosi tija tinaima, poti mankhwala atsopanowa sanali ongoperekedwa mongoganizira. Pakati pa 2013 ndi 2015 bungwe lomwelo, pamodzi ndi maunduna a zaumoyo ndi maphunziro, akatswiri a ku College of Medicine ku Blantyre ndi a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, linayesanso m'dera la mfumu yaikulu Chikowi ku Zomba. Sukulu zinali 58. Theka zinalandira bokosi, theka ayi, kuti pakhale pofanizira. Ulendo uno aphunzitsi anaphunzira kubaya chala, kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera malungo, kudikira mphindi zake, n'kupereka LA pokhapokha mizere ikatuluka iwiri.

Aphunzitsiwo ntchito anaigwira bwino, ndipo ana ankabwera ochuluka kudzayezetsa. Koma atawerengera zonse anapeza kuti kujomba kusukulu sikunatsike monga ankayembekezera, ndipo anazilemba momwemo, osabisa. Apa ndiime kaye, chifukwa ndi pamene pamaonekera wantchito weniweni. M'mabungwe muli chiyeso chachikulu chokometsera manambala. Wopereka ndalama akufuna kumva zabwino, bwana akufuna pulojekiti iwonjezeredwe zaka, ndipo inu wolemba lipoti mukudziwa kuti mchere wa pakhomo panu uli pa nambala imeneyo. Wachinyamata amene mukufuna ntchito yosonkhanitsa ndi kusanthula manambala, dziwani kuti tsiku lina adzakuuzani kuti tangowonjezerani pang'ono. Mukadzavomera, ana amene sanamwe mankhwala adzalembedwa kuti anamwa, ndipo palibe adzabwererenso kukawafuna.

China cha m'nkhani ya ku Zomba ndi chakuti amene anabaya zala ndi aphunzitsi, anthu a malipiro amodzi osenza ntchito ziwiri, kalasi yodzadza ikuwadikira. Ofufuza anabwerera kwawo ndi mapepala awo, pulojekiti inafika tsiku lake, koma mphunzitsi mawa lake anali pasukulu pomwepo. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Sukulu zambiri zili ndi mphunzitsi amene anamusankha kuti aziyang'anira zaumoyo. Ndiye amasunga kaundula, ndiye amadziwa mtsikana amene wayamba kujomba masiku atatu mwezi uliwonse ndi chifukwa chake. Akasamutsidwa, nzeru zonse zija zimakwera naye galimoto limodzi ndi mbuzi zake.

Tsono za tsiku lothera lija. Mabungwe anachuluka kuno nkhondo itatha mu 1992, pamene abale athu ankabwerera kuchokera m'misasa ya othawa kwawo ku Malawi. Kuyambira pamenepo taona mayina ambiri. Mu 2010 kunabwera CHASS Niassa, yoyendetsedwa ndi FHI 360 ndi ndalama za USAID. Mu 2019 ntchito yonga yomweyo inapitirira pansi pa dzina la ECHO, yoyendetsedwa ndi Abt. Izi zinali za HIV m'zipatala, osati za m'sukulu, koma kayendedwe kake n'komweko kulikonse. Dzina limasintha, chizindikiro cha pachitseko cha galimoto chimasintha, ndipo antchito amalembanso makalata kupempha ntchito imene anali kuigwira dzulo. Ena amatengedwa, ena amatsala. Ntchito ya pulojekiti ili ngati msasa wa kumunda: mumaumanga kuti mulondere mbewu, ndipo palibe amene amayembekeza kukalambiramo.

Apo n'pamene zinthu zayenda mwadongosolo. Nthawi zina tsikulo limafika lisanakwane. Mu 2021 boma la Britain linachepetsa thandizo lake la kunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dziko lawo, ndipo imodzi mwa ntchito zimene zinadulidwa pakati inali yomwetsa anthu mankhwala a likodzo ndi matenda ena onyalanyazidwa m'maiko ambiri a mu Africa. Mapiritsi aulere analipo, ndalama yowafikitsira kusukulu n'imene inasowa. Kenako pa 20 Januwale 2025 pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la dziko la America kwa masiku 90. Sabata isanathe, mabungwe analandira makalata oti aimitse ntchito, ndipo pofika pa 1 Julayi chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Anthu amene anagwira ntchito bwino, opanda mlandu uliwonse, anauzidwa kuti abweze makiyi ndi makompyuta. Amene anasaina kalata ku Washington sadziwa kuti Ngauma ali kuti, koma lendi ya nyumba ku Cuamba, ngongole ya kubanki ndi fizi ya ana zinadziwa tsiku lomwelo. Likodzo lokha silinalandire kalata yoimitsa ntchito.

Nkhani imeneyi ikhudzanso inu amene muli pantchito ya boma. Mnyamata waphunzira ku sukulu ya azaumoyo ku Lichinga kapena ku Cuamba, boma lamuphunzitsa ndi ndalama za misonkho yathu, lamutumiza kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Akuona mnzake wa m'bungwe akulandira kuposa iye, akuyenda pagalimoto iye ali panjinga. Mtima umagwedezeka, ndipo sindimuweruza. Koma ndimadabwa nalo bungwe limene limachotsa namwino pachipatala kuti azikakhala muofesi kulemba malipoti onena za kuchepa kwa anamwino. Inu amene mukuganiza zosiya boma, werengerani zonse, osati za mwezi uno zokha. Malipiro aboma ndi ochepa, kukwezedwa kumachedwa, koma ntchitoyo siitha chifukwa kwina kwachitika chisankho, ndipo kumapeto kwake kuli penshoni.

Amene mwalowa kale m'bungwe kapena mukulowa, pali zinthu zoti muzigwire ndi manja awiri. Lamulo la ntchito limene likugwira tsopano ndi la nambala 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007. Kontirakiti yanu ikhale yolembedwa, ndipo muiwerenge musanasaine, makamaka pamene akunena za nthawi yake ndi za chipukutamisozi ikathetsedwa nthawi isanakwane. Ku INSS, thumba la penshoni ya ogwira ntchito, kumayenera kupita 7 peresenti: 3 yodulidwa pa malipiro anu, 4 yochokera kwa olemba ntchito. Musangokhulupirira pepala la malipiro, pitani mukafunse nokha ngati ndalamayo ikufikadi. Ndipo pamene malipiro akubwera, gulani chinthu chimene kalata ya ku Washington kapena ku London singakulandeni: maphunziro okhala ndi setifiketi yovomerezeka ndi boma, laisensi, luso la kompyuta lenileni, osati longotsegula Facebook. Masetifiketi a semina ya masiku atatu ndi okongola pakhoma, koma pa mpikisano wolowera ntchito ya boma sakufikitsani patali. Ndaonapo anthu akudya malipiro a pulojekiti ngati ndi a muyaya, mpaka kukwatira wachiwiri, chaka chachinayi n'kuwapeza pasiteji akudikira wokwera panjinga yamoto. Kunyamula anthu si ntchito yonyozeka ayi, koma si imene anaiphunzirira.

Kodi ndiye kuti palibe amene anamanga moyo wake wonse pa ntchito yotereyi kuno ku Niassa? Alipo. Feliciano dos Santos, woimba wa gulu la Massukos, anadwala poliyo ali mwana, matenda oyenda ndi madzi oipa ndi uve. Atakula anatsogolera bungwe la ESTAMOS la ku Lichinga, limene lagwira ntchito ya madzi ndi zimbudzi m'midzi ya chigawo chino, kuphatikizapo kuno ku Mandimba, mogwirizana ndi WaterAid. Linaphunzitsa anthu zimbudzi zothira phulusa ndi dothi, zimene pambuyo pake zimapereka manyowa a kumunda, ndipo uthenga wosamba m'manja unayenda ndi nyimbo m'zilankhulo zathu. Mu 2008 analandira mphoto ya Goldman, imodzi mwa mphoto zikuluzikulu za zachilengedwe padziko lonse. Chimene ndikufuna muonepo si mphotoyo. Munthuyu sanadikire kuti alembedwe ndi bungwe lochokera kunja. Anali ndi luso lakelake, anali ndi chilankhulo cha anthu ake, ndipo akunja ndi amene anabwera kudzagwira naye ntchito. Mabungwe a kuno nawonso amadalira ndalama zakunja, zimenezo tisanamizane, koma ndalama zikaphwa eni ake sakwera ndege.

Nkhani ya chilankhulo ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ana athu amadzichepetsa popanda chifukwa. Malipoti amalembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chingelezi, koma ntchito yeniyeni imachitika m'Chiyao, m'Chimakua ndi m'Chinyanja. Mu 2021 dziko lino linayamba kupereka katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero kwa atsikana a zaka 9. Tayesani kufotokozera agogo nkhani imeneyi m'Chipwitikizi, chifukwa chake mukubaya atsikana okhaokha, aang'onoang'ono, anyamata ayi. Pamafunika munthu wodziwa mawu amene amanenedwa pagulu ndi amene amanenedwa amayi ali okha. Kolera itabuka m'boma la Lago mu Seputembala 2022 n'kufalikira, amene anathandiza kuti makolo avomere mankhwala othira m'madzi anali anthu odziwika pamudzi, olankhula ngati eni mudzi. Mu 2018 unduna wa maphunziro unachotsa lamulo la 2003 limene linkakankhira atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku, ndipo mu 2019 kunabwera lamulo la nambala 19/2019 loletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Malamulo ali m'buku. Koma amene angakhale pansi ndi anankungwi nthawi ya chinamwali isanafike, n'kukambirana nawo mwaulemu za zimene mtsikana ayenera kuuzidwa ndi zimene zingadikire, si munthu wobwera ndi laputopu kuchokera ku Maputo. Ndi mwana wa mudzi womwewo, amene naye anavinidwa. Luso limenelo ndi losowa kuposa Chingelezi, koma pa chikalata cha ntchito amalilemba kumapeto kwenikweni, ngati chinthu chongowonjezera.

Choncho mawu anga kwa akuluakulu a mabungwe ndi awa. Activista kapena APE akagwira nanu ntchito, mupatseni kalata yosainidwa ndi kudindidwa, yonena zaka zimene wagwira ndi zimene amachita, ndipo mukamalemba anthu ntchito zaka zimenezo muziziwerenga. Pepala limodzi ndi chidindo sizingagwetse bajeti yanu. Pa ndalama zimene mumawononga m'mahotela a ku Lichinga ndi ku Cuamba, patulaniko zolipirira ma activista awiri kapena atatu akhama kuti akaphunzire unamwino kapena za umoyo wa anthu, adzabwerere kuno ali ndi pepala la boma. Chiyao, Chimakua ndi Chinyanja muziike pamwamba pa zofunika, osati pansi. Ndipo pasukulu iliyonse phunzitsani aphunzitsi awiri, osati mmodzi, kuti wina akasamutsidwa kaundula asasanduke chakudya cha chiswe.

Kwa abwana a SDSMAS ndi a SDEJT, inu ndinu eni nyumba. Bungwe likabwera, ndondomeko ikhale yanu, manambala atsale m'maofesi mwanu, ndipo musalole kuti sukulu za m'mbali mwa tala zichezeredwe ndi mabungwe atatu pamene za kumalire ndi za kunyanja sizinaonepo ndi limodzi lomwe.

Ndipo inu makolo a m'komiti ya sukulu, bungwe likadzafika ndi pulojekiti yatsopano, musanaombe m'manja funsani kuti ikutha chaka chanji. Funsaninso kuti ikadzatha, ndi mphunzitsi uti ndi APE uti amene adzakhale ataphunzitsidwa mokwanira kuti apitirize. Akakuyankhani, mlembi wanu alembe chakacho ndi mayinawo m'buku la komiti, alendowo asaine.